Masentimita atatu amene anandigwetsa pa ukwati

Ine ndine wamfupi ndipo sindikana. Mu minibasi kondakitala amandipanikiza pakati pa anthu onenepa ngati katundu wa mwini. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene chinandipweteka mtima ndi zimene zinachitika achemwali anga atandisankha kukhala mmodzi mwa operekeza ukwati wawo ku Zomba.

Tsiku loyamba lophunzira masitepe, mnyamata wotiphunzitsa anatifoletsa motsatira msinkhu, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo. Ine, mayi wa zaka 31, ndinapezeka kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi tiana tomwaza maluwa. Wonditsatira anali msuweni wanga, wondiposa ndi kachala kamodzi kokha, koma ankandisuzumira pamutu ngati akufufuza nsabwe. Gogoda sakanandipulumutsa poti mkwatibwi anatigulira tonse nsapato zofanana.

Ndinakadandaula kwa mnzanga wina amene ndi namwino. Iye anandiimika pakhoma nati, "Taima mmene umaimira masiku onse." Anayeza, masentimita 152. Kenako anati, "Zidendene kukhoma, mapewa m'mbuyo, chibwano chibwezere mkati, osachikweza ngati ukuonera ndege." Anayezanso, 155. Ndinakuwa ngati ndapambana mayeso a fomu 4.

"Iwe usakuwe, sunakule," anatero. "Mafupa ako anasiya kutalika uli ku sekondale. Atatuwa ndi ako kale, umangowabisa m'kalinunda kamene wadzipangira ndi foni." Anandiuza kuti mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndiye ukamaulendewera kutsogolo tsiku lonse, khosi ndi mapewa zimatsatira. Anawonjezera kuti pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa timene timaphwa tikamayenda masana n'kufufumanso tikagona, n'chifukwa chake munthu amakhala wamtali m'mawa ndi sentimita imodzi kapena iwiri kuposa madzulo. Ati ngakhale opita mumlengalenga aja amatalikirako mpaka masentimita 5 ali komweko, koma akatera zonse zimabwerera. Ndinafunsa mtengo wa ulendo wake, sanaseke. Iye ankati mankhwala enieni ndi kulimbitsa minofu ya kumsana ndi ya pamimba kwa miyezi ingapo. Ine ndinali ndi masabata atatu, choncho m'mawu ake onse ndinatolamo 155 yekhayo.

Agogo atamva nkhaniyi anangoti, "Senza ndowa." Iwo anapitirira zaka 70 koma amaima chilili ngati mlongoti, chifukwa ndowa ya malita 20 pamutu sifuna wowerama. Ndinapinda nkhata, ndinasenza, ndinayenda mapazi anayi. Madzi onse anathera m'bulauzi, agalu a aneba n'kuthawa.

Ndiye ndinalowa pa Facebook n'kugula lamba wowongola msana, uja wovala ngati chikwama cha mwana wasukulu, womata ndi zomatira zolira zija. Mawa lake m'mamawa, timapilo tanga tisanaphwe, ndinamumanga mpaka pomaliza n'kupita kwa atelala kukayezetsa diresi lofika pansi.

"Mayi, koma mukupuma?" anafunsa atelala, tepi ili m'khosi.

"Yezani, bambo, musachedwe," ndinayankha ndi mpweya wotsala.

Pophunzira masitepe Loweruka lotsatira, mnyamata uja anatiyang'ana kawiri, n'kutisinthanitsa. Msuweni kutsogolo, ine pambuyo pake. Abale, sindinamvepo kukoma kotere. Ndinamusuzumira pamutu nyimbo yonse.

Tsiku la ukwati linafika, mu Okutobala, dzuwa lake lija lophika dzira pamwala. Kutchalitchi zinayenda bwino ndithu, azakhali ena mpaka anandifunsa ngati ndayamba ntchito ya usilikali. Mavuto anayamba kuholo. Pofika 3 koloko lamba uja anali atandidya m'khwapa, thukuta likulowa m'mabalamo ngati tsabola. Manja anali atatuluka m'mbali ngati nkhuku yogwidwa mapiko popita kumsika. Kutembenuka kunkafuna thupi lonse. Munthu akandiitana kumbuyo ndinkazungulira ngati basi.

Itakwana nthawi ya perekani-perekani, MC analengeza kuti operekeza awiri akutsogolo atenge malichero azitola ndalama. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti m'masabata atatu onsewo ndinaphunzira kuima, kuyenda ndi kuvina, koma kuwerama ayi. Poyamba ndinkanjuta mowongoka ngati wolandira alendo aulemu, n'kumasesa ndalama ndi nsonga za zala. Zinkatheka. Kenako amalume a mkwati anaponya K5,000 yatsopano, inakagwera pafupi ndi mapazi a MC. Ndinaiwala zonse. Ndinawerama.

Lamba anati phwaaa! Ndipo maikolofoni anali pomwepo, DJ atangotsitsa nyimbo. Holo yonse inamva, ndipo aliyense anamasulira phokosolo mmene anafunira. Kamwana kena komwaza maluwa kanagwira mphuno.

Ndinadzuka kuti ndionetse anthu kuti si zimene akuganizazo. Koma amene anadzukayo sanali mayi wa 155 uja. Mapewa anali atabwerera kwawo mosangalala, minofu imene inakhala pa tchuthi masabata atatu inakana ntchito, timapilo nato tinali titaphwa kalekale. Diresi losokedwera munthu wamtali linatsala ndi mwini wake weniweni. Phazi loyamba linaponda mpendero. Lachiwiri linapita kukafunsa zimene zachitikira loyamba. Ndinagwa chafufumimba, lichero linauluka, ndalama za akwati zinagwa ngati mvula yoyamba, ana n'kuyamba kutola mwachangu chimene sindinachionepo.

MC, munthu wopanda chifundo, anati, "Tiwaombere m'manja achemwali a mkwatibwi, apereka thupi lonse!" Ndipo anthu anaombadi. Ena anabwera kudzandifupa ndili chigonere, mpaka wosunga chuma anati gawo limenelo ndi limene linabweretsa zambiri.

Anandidzutsa ndi agogo, ndi dzanja limodzi, msana uli njo. Sananene zambiri. Anangoyang'ana chingwe cha lamba chimene chinkalendewera m'khosi mwa diresi nati, "Ndowa ija ikadali kuseri."

Msuweni anandiperekeza kukachipinda kosinthira, akuseka mpaka misozi kuchotsa zopaka kumaso. Anakhala pampando nati mapazi amupha, n'kuvula nsapato. M'kati mwa iliyonse munatuluka katoni ya sopo yopindidwa kanayi.

"Unayamba liti?" ndinafunsa.

"Tsiku lomwe anatisinthanitsa lija. Koma wamasitepe uja anakana kutiyezanso."

Zithunzi zinatuluka patatha sabata. Pa chithunzi cha gulu, wojambula anaika tonse awiri kutsogolo, titagwada limodzi ndi tiana tamaluwa.