Interlaced kapena progressive pa TV zachimsana zija?

TV ya chubu sionetsa chithunzi chonse nthawi imodzi ayi, kumbuyo kuja kuli kamfuti ka ma electron kamene kamalemba mzere ndi mzere kuchoka pamwamba kutsika pansi, mothamanga moti diso silingatsatire. Pa PAL, dongosolo la TV lomwe timagwiritsa kuno, mizere ilipo 625 koma yooneka ndi 576. Interlaced ndiye kuti kamalemba kaye mizere 1, 3, 5 mpaka pansi kenako kubwerera kudzadzaza 2, 4, 6, ulendo uliwonse ndi theka la chithunzi, matheka 50 pa sekondi, zithunzi zathunthu 25. Ku America ndi NTSC, mizere yooneka 480, matheka pafupifupi 60. Progressive ilibe zodumphadumpha, mizere yonse motsatana basi.

TV zina zikuluzikulu za Sony Wega za ku America zinali ndi DRC, njira ya Sony yokonzera chithunzi, mu menu umasankha Interlaced, Progressive kapena CineMotion. Interlaced yake imachulukitsa mizere kufika 960, progressive imangokupatsa 480p, kutanthauza mizere 480 yotsatana, ndipo a Sony okha ankati yoyambayo ndi ya zinthu zoyenda, yachiwiriyo ya zolemba ndi zithunzi zongoima. Apa ine ndimagwirizana nawo. Zilembo zing'onozing'ono pa interlaced zimanjenjemera chifukwa kamzere kopyapyala kamawala theka limodzi lokha, maso mpaka kuwawa, pomwe pa progressive zimakhala phee. Koma pa mpira nkhani imasintha, kamera inajambula matheka awiriwo pa nthawi zosiyana ndiye ukawaphatikiza pa progressive wosewera wasuntha kale, m'mphepete mwa miyendo mumaoneka ngati mano a chipeso, kapena TV ikafuna kubisa zimenezo chithunzi chimafewa.

CineMotion ija ndi ya mafilimu a zithunzi 24 pa sekondi akamakwanitsidwa pa 60, kuno vuto limenelo kulibe, amangothamangitsa filimu pang'ono kufika 25.

Pomwe pamandinyansa ine ndi pa magemu akale. Super Nintendo ndi Mega Drive zimatulutsa 240p, yomwe ndi progressive kale, matheka onse amagwera pa mizere yomweyo nkusiya timizere takuda pakati. TV ya DRC kapena za 100Hz zija, zolemba chithunzi ka 100 pa sekondi, zimaitenga ngati interlaced nkuyamba kuikonza, ukadina batani munthu akudumpha mochedwa, ndipo mfuti ya Duck Hunt, gemu yowombera abakha pa TV, sigwiranso ntchito olo pang'ono. Ngati mukusaka ya magemu tengani ka TV ka chubu ka 14 kapena 21 inchi kopanda DRC kaya 100Hz, kotchipa komweko.