Musamudzutse: sabata yanga pa benchi ya timu ya mpira

Ntchito yanga yeniyeni ndi ya fiziyo kuchipatala, kuthandiza ovulala kuti ziwalo zawo ziyambenso kugwira ntchito, koma madzulo ena ndi kumathero a sabata ndimakhala pa benchi ya timu ina ya mpira ya mu ligi ya m'chigawo cha kummwera. Anyamata amanditchula kuti adokotala. Zambiri zimene amandibweretsera ndi zazing'ono: bondo lotupa, phazi lobinya, mnofu wa pantchafu wokokeka. Zimenezo sizindisowetsa tulo. Chimene ndimaopa ndi khosi. Wosewera akagundana ndi mnzake n'kuthyoka fupa la m'khosi, ngoziyo yachitika basi, palibe angaibweze. Koma pali kuvulala kwachiwiri kumene kumadza ndi manja a anthu a mtima wabwino, omukhazika tsonga, omukoka miyendo, omunyamula wina mkono wina mwendo mutu uli lende. Kumeneko n'kopeweka, ndipo ntchito yanga ya sabata yonse imazungulira pamenepo.

Lolemba ndinakhutula chikwama cha zipangizo. Muli kolala yolimba ya m'khosi, zotchingira mutu ziwiri, chopopera mpweya, magolovesi ndi malamba a thabwa lonyamulira ovulala msana. Lamba limodzi linali litayamba kusosoka pa bakulo, ndiye ndinadzera kwa telala wa pamsika, anandisokera ndili chiimire. Machira a chinsalu amene mumawaona m'mabwalo ambiri ndi abwino kwa munthu wothyoka mwendo, koma amalendewera pakati, ndipo msana umapindika nawo. Thabwa lathu tinalipeza titakangana kwambiri ndi akomiti, chifukwa ndalama ikalowa imathera ku mafuta a basi ndi alawansi ya anyamata. Sindiwaimba mlandu wonse, timu imakhaladi ndi njala. Koma thabwa limagulidwa kamodzi.

Lachiwiri, akochi atamaliza zawo, ndinatsalira ndi osewera a pa benchi ndi anyamata amene amatithandiza kunyamula machira. Ndimayamba ndi mafupa chifukwa munthu amasamala chimene akuchidziwa. M'khosi muli timafupa 7, kumsana kwa pachifuwa 12, m'chiuno 5, tosanjikizana, ndipo pakati pake pali ngalande imene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Ndi wofewa kwambiri, wonenepa kupitirira pang'ono sentimita imodzi, ndipo ukaduka sulumikizikanso. Mitsempha yoyendetsa mnofu waukulu wopumira imatulukira pa fupa lachitatu, lachinayi ndi lachisanu la m'khosi. N'chifukwa chake wovulala kumtunda kwa khosi amatha kulephera kupuma, osati kuyenda kokha.

Kenako tinagoneka mmodzi pa kapinga. Wogwira mutu amagwada kapena kugona chakumutu, zigongono atazitsamiritsa pansi kuti manja asanjenjemere, zikhatho mbali zonse ziwiri za mutu, osatseka makutu, osakoka. Akagwira wagwira, sasiya mpaka mutu utamangidwa. Atatu amafola mbali imodzi, wina pamapewa, wina m'chiuno, wina ku miyendo, ndipo wachisanu ndi wolowetsa thabwa. Wovulalayo amatembenuzidwa ngati chipika, mphuno, chibwano ndi mchombo zili pamzere umodzi. Wolankhula ndi mmodzi yekha, wa kumutu uja, ngakhale akhale wamng'ono pa onse. "Mwakonzeka? Gwirani. Tembenuzani." Ulendo woyamba wa ku miyendo anatsogola, chiuno chinapotoka, onse n'kuseka. Tinabwereza mpaka kuseka kunatha.

Wotchinga kumbuyo wina anafunsa funso limene ndimalimva chaka chilichonse. "Adokotala, nanga munthu akadzuka yekha n'kumayenda, si ndiye kuti ali bwino?" Ndinawafotokozera za Bert Trautmann, goloboyi wa Manchester City. Pa ndime yomaliza ya FA Cup mu 1956 ku Wembley, anadumphira mpira kumapazi kwa Peter Murphy wa Birmingham City n'kugundidwa m'khosi. Anadzuka, anamaliza mpirawo, City inapambana 3-1, ndipo anakalandira mendulo khosi litapendekeka. Patapita masiku angapo atamujambula ndi pamene anapeza kuti khosilo linali lothyoka. Anthu amaisimba ngati nkhani ya kulimba mtima. Ine ndimaiona ngati nkhani ya munthu amene anapulumuka mwamwayi, ndipo sindifuna mnyamata wanga aliyense ayese mwayi umenewo.

Lachitatu ndinali mu wodi tsiku lonse. Kumeneko ndi kumene ndimaona mapeto a nkhanizi, ngakhale ambiri sanavulalire pa mpira. Ndi a ngozi za njinga zamoto za kabaza, ogwa mu mtengo wa mango, ogwa padenga akufolera. Ndikafunsa owadikirira kuti anabwera naye bwanji, yankho limafanana: anamukhazika pampando wa minibasi atamutsamiritsa kwa m'bale wake, kapena anamuponya kumbuyo kwa lole. Wina amakuuza kuti pamalo a ngozi ankagwedeza miyendo, koma pofika kuchipatala inali itafa. Mawu amenewo amandipweteka nthawi zonse. Munthu wofa ziwalo amafunika kumutembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti asachite zilonda za pabedi. Mkodzo umatuluka ndi kapaipi. Ena amapeza malo ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre kukaphunzira kukhala pa njinga ya olumala ndi kudzisamalira, kenako amabwerera kumudzi kumene njingayo singadutse m'tinjira ta mchenga. Ku South Africa a mpira wa rugby anayambitsa pulogalamu ya BokSmart mu 2009, ndipo kochi kapena woyimbira sangagwire ntchito asanachite maphunziro ake a chitetezo. Kwathu kuno mpira wamiyendo ukufunika zofanana ndi zimenezo, makamaka m'maligi a m'munsi ndi m'masukulu kumene kulibe wachipatala ngakhale mmodzi.

Lachinayi kunalibe zambiri, mabandeji ndi madzi oundana basi. Lachisanu ndinaimbira eni bwalo amene timakasewera nawo kufunsa za ambulansi, geti imene idzaime, ndi chipatala chapafupi chimene chili ndi makina ojambulira. Ananditsimikizira kuti zonse zili m'malo.

Loweruka mpira usanayambe ndinapita kwa oyimbira. "Bwana, munthu akagwa ndi mutu kapena khosi, tiitaneni pompo, ndipo mutithamangitsire osewera kutali." Anavomera. Ndinakumananso ndi anyamata a machira a eni bwalo n'kugwirizana kuti zikachitika wolamula ndi wogwira mutu.

Zinachitika m'chigawo chachiwiri. Kona inabwera yokwera, goloboyi wathu anatuluka n'kudumpha, ndipo womwetsa zigoli wa timu inayo, amene sanadumphe, anamulowa kunsi. Miyendo inapita m'mwamba, anatera ndi pamwamba pa mutu, chibwano chitapindikira pachifuwa. Kagwedwe kameneko ndi kamene timakaopa koposa, chifukwa kulemera kwa thupi lonse kumatsikira pa timafupa ta m'khosi tili pamzere. Sindinadikire kuti andikodole kawiri.

Pofika ndinapeza anzake atamuzinga kale. Anali chafufumimba, nkhope itayang'ana kumanzere. Wina anali atamugwira phewa kuti amutembenuze, wina akutsegula botolo la madzi, wachitatu akukuwa kuti wameza lilime, akufuna kumupisa zala m'kamwa. "Musamugwire! Bwererani!" Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Lilime silimezeka. Munthu akakomoka limangofooka n'kugwera kukhosi, ndipo njira yake ndi kukankhira nsagwada kutsogolo ndi zala uli kumutu, osapendeketsa khosi. Zala m'kamwa zimangogwedeza mutu n'kumusanzitsa.

Ndinagwada chakumutu n'kuugwira mmene unalili. Choyamba ndi mpweya. Msana wake unkakwera ndi kutsika, ndipo ankabuula. Akanakhala kuti sakupuma, khosi likanadikira, tikanamutembenuza msanga n'kuyamba kupsinja pachifuwa, monga anachitira ndi Christian Eriksen ku Copenhagen pa 12 Juni 2021, pamene mtima wake unaima Denmark ikusewera ndi Finland. Uyu ankapuma.

"Mphwanga, ndine adokotala. Usagwedeze mutu, undiyankhe ndi pakamwa. Ukundimva?"

"Ee."

"Pakupweteka ndi pati?"

"M'khosi, kumbuyoku. Manja achita dzanzi."

"Dzanja liti?"

"Onse."

Yankho limenelo linathetsa zokayika. Dzanzi kapena kutentha kwa mkono umodzi nthawi zambiri kumakhala mtsempha wa paphewa wokokeka. Manja onse awiri, kapena miyendo, timatenga kuti ndi mtsempha waukulu uja mpaka atamujambula. Ndinamuuza agwedeze zala za kumapazi, nsapato zonse ziwiri zinagwedera. Anafinya dzanja la mnzanga amene ankandithandiza, koma mofooka. Mnzangayo anayendetsa chala pang'onopang'ono pakati pa khosi kumbuyo, ndipo chakumunsi mnyamatayo anakuwa.

Akochi anali atafika pamzere. "Adokotala, apitiriza?" Ndinangoti, "Ayi akochi, konzani wina." Sanabwerezenso.

Kutembenuza munthu wogona chafufumimba n'kovuta kuposa wa chagada, chifukwa wogwira mutu amayamba manja atapingasa kuti pomaliza akhale owongoka. Anyamata a Lachiwiri aja anafola okha osawauza. Thabwa linaikidwa m'mbali mwake. Tinamudzutsa cham'mbali n'kuima kaye, kenako kumutsitsira pa thabwa chagada. Ndinabweza mutu pakati pang'onopang'ono ndikumufunsa ngati ululu kapena dzanzi zikuwonjezeka. Zikanawonjezeka, kapena khosi likanakana, ndikanausiya pomwepo n'kuutchingira mmene uliri. Kolala inalowa, manja anga ali pomwepo. Malamba timayamba ndi pachifuwa, m'chiuno ndi miyendo, mutu pamapeto, chifukwa mukamanga mutu thupi lili lomasuka, thupilo likasuntha khosi ndi limene limapotoka. Apa m'pamene ndinachotsa manja. Mnyamatayo anapempha madzi, ndinakana, poti akanatha kufunika opaleshoni, komanso munthu womangidwa chagada sachedwa kutsamwa.

Ochemerera ena anayamba kuliza malikhweru, ati tikutaya nthawi popeza tinali patsogolo ndi chigoli chimodzi. Sindinawaone n'komwe. Chimene chinandikwiyitsa chinali kugeti. Ambulansi inalipo monga analonjezera, koma magalimoto a anthu anali ataitsekera njira, ndipo dalaivala anali atapita kukaonera mpira mbali ina ya bwalo. Tinadikira ndi munthu pa thabwa, dzuwa likumuwomba kumaso, wolengeza akuitana nambala za magalimoto pa chimkuzamawu. Ambulansi yosatha kutuluka ndi yongoonetsa kwa oyang'anira masewero, ndipo ndinawauza eni bwalowo mawu amenewa pamaso.

M'njira ndinakhala chakumutu. Ndinapempha dalaivala kuti asathamange, chifukwa maenje ndi mahampu ndi oopsa kuposa mphindi zochepa zimene tingapulumutse. Ndinkamufunsa mnyamatayo za zala zake pafupipafupi, ndili tcheru kuti akafuna kusanza tipendeketse thabwa lonse. Kuchipatala ndinafotokoza kagwedwe kake, nthawi, ndi zimene ndinapeza pabwalo. Anamuchotsa pa thabwa mwa njira yomweyo ya anthu asanu, poti thabwa ndi lonyamulira chabe, munthu akakhalapo nthawi yaitali khungu limayamba kuwonongeka. Chithunzi cha X-ray sichinaonetse bwino mafupa a m'munsi mwa khosi chifukwa mapewa ankatchinga, zimene zimachitika kawirikawiri ndi anyamata a minofu. Anamutumiza ku chipatala chachikulu kukajambulidwa ndi CT scan, kolala ili m'khosi.

Lamulungu m'mawa zotsatira zinatuluka. Fupa lachisanu ndi chimodzi linali litang'aluka koma silinasunthe. Dzanzi linali litayamba kuchepa, ndipo ankatha kugwira kapu. Madokotala a mafupa anati akhala m'kolala masabata angapo, adzamujambulanso, ndipo za mpira zidzakambidwa pambuyo pake. Mayi ake anali atafika ndi basi ya m'bandakucha, atakhala pamkeka pafupi ndi bedi. Anandifunsa ngati angamuvuleko kolala usiku kuti agone bwino, komanso ngati angamutikite ndi madzi ofunda. "Ayi amayi, isachoke ngakhale pogona, ndipo khosi musalitikite. Akadandaula kuti dzanzi labwerera kapena mkodzo ukuvuta, itanani anamwino nthawi yomweyo." Ndinawaonetsa mmene angayang'anire khungu la pachibwano ndi kunkhongo kuti kolalayo isamudye.

Madzulo ndinalemba lipoti la kwa akomiti ndi akuluakulu a ligi. Ndinalembamo za geti ndi dalaivala, ndinapempha kuti malo a ambulansi azitchingidwa ndi chingwe mageti asanatsegulidwe, komanso kolala ina, popeza yathu yatsala ndi mnyamatayo ndipo tili ndi mpira wina Loweruka likubwerali. Ndisanatumize anandiimbira wapampando wa timu imene tinasewera nayo, kufunsa ngati ndingakaphunzitse anyamata awo a machira ndi makochi a timu yawo ya achisodzera. Tapangana Lachinayi masana, ndipo ndawauza abweretsenso akaputeni ndi madalaivala.