Ku San Millán tinakapeza mneni wobisala

Gulu lathu la ophunzira Chisipanishi linanyamuka m'mawa ku Logroño kupita ku San Millán de la Cogolla, m'chigawo cha La Rioja, m'dziko la Spain. Kuli nyumba ziwiri za amonke: Suso, yakale kwambiri, ili pamtunda, ndipo Yuso ili m'chigwa. UNESCO inaziika pamndandanda wa malo osungidwa mu 1997. Kuno mmonke wina, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ankalemba timawu ta chilankhulo cha anthu wamba m'mphepete mwa buku la Chilatini. Buku lenilenilo lili ku Madrid, choncho ife tinangoona kope lake. Ena anang'ung'udza.

Chimene chinandigwira mtima ine chinachitika panja. Mayi amene ankatiperekeza anatifunsa kuti é wa mu cantaré, "ndidzaimba", anachokera kuti. Tonse duu. Iwo anati poyamba anali mneni payekha. M'Chilatini ankati cantare habeo, ngati kunena kuti "ndili ndi kuimba", kapena "ndiyenera kuimba". Habeo anafota n'kukhala he, kenako anamamatira kumapeto kwa mnzake: cantar he n'kukhala cantaré. M'zolemba zakale mawu ena ankatha kulowa pakati, monga dar vos he, "ndidzakupatsani". Mneni haber, amene kale ankatanthauza kukhala ndi chinthu, anasiyira tener ntchito imeneyo.

Bambo wina wachikulire m'gulu mwathu anaseka, nati ifenso tili nazo: -dza- wa mu "ndidzaimba" si kudza kodi? Zoonadi. Nthawi yonseyi ndinkauloweza cantaré ngati mankhwala owawa, osadziwa kuti ndi wachibale.

Nkhani sinathere pomwepo. Masiku ano anthu ambiri, makamaka ku Latin America, akamanena zam'tsogolo amakonda voy a cantar, kubwereka mneni wotanthauza kupita. Nanga cantaré wakale uja? Wapeza ganyu wina: kulosera chabe chimene mwina chikuchitika panopa.

Madzulo tinafika pabasi, dalaivala kulibe. Titafunsa, mayi aja anangoti estará comiendo, mawu omveka ngati "adzakhala akudya". Anzanga awiri anapsa mtima, poganiza kuti munthuyo sanayambe n'komwe kudya ndipo tidikira mpaka usiku. Pamene mayiwo ankangotanthauza kuti "mwina akudya". Posakhalitsa dalaivala uja anatulukira, akupukuta pakamwa.