Mmene ndimalongedzera tikamapita ndi ana kukagona m'tenti ku Cape Maclear

Anzanga akamva kuti timapita ndi ana aang'ono kukagona m'tenti kunyanja, amathamangira kufunsa za chakudya. Chakudya sindidandaula nacho. Ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, kuli anthu, kuli usipa, tomato ndi amayi ogulitsa mandasi m'mawa uliwonse. Chovuta ndi usiku. Mwana wa zaka 2 amene wakhala akusewera mumchenga tsiku lonse amadzuka pakati pa usiku n'kufuna chinthu chimene simungachigule kulikonse pa ola limenelo, ndipo muyenera kuchipeza mumdima, dzanja limodzi litagwira mwanayo. N'chifukwa chake ine ndikamalongedza ndimayamba ndi za usiku, za masana zimabwera pambuyo.

Ndisanakhudze n'komwe chikwama ndimaimbira foni malo amene tikufuna kukamangako tenti. Za ndalama zolipira zimatha msanga. Ndimatha nthawi pa zina: pamalo omangirapo pali mthunzi? Chimbudzi chili patali bwanji ndi matentiwo? Kuchokera patenti kufika m'madzi pali mtunda wotani, ndipo pali mpanda? Usiku pamakhala mlonda? Kenako funso limene wolandira foni amaseka nalo nthawi zonse: "Achimwene, mundiuze zoona, bala lanulo limatseka nthawi yanji?" Malo ena a m'mbali mwa nyanja ndi a achinyamata, nyimbo mpaka tambala woyamba, ndipo tenti sitchinga phokoso. Pa chifukwa chomwecho timapewa Isitala, Khrisimasi ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala cha pa 15 Okutobala, pamene mizinda yonse imakhuthukira kunyanja. Ife timakonda miyezi ya Juni mpaka Ogasiti. Udzudzu umakhala utachepako ndipo masana dzuwa silipweteka kwambiri, ngakhale kuti mphepo ya mwera imabweretsa chisanu cha m'bandakucha. Mu Okutobala tenti imatentha ngati uvuni wa njerwa, mwana sangagonemo masana.

Kutatsala sabata imodzi, tenti timaimanga pabwalo kunyumba. Apa mpamene timaona ngati zipi ikutseka mpaka kumapeto, ngati kaukonde ka pazenera sikanabooke, ndiponso ngati zikhomo zilipo zokwanira. Ana amagonamo masana, amadyeramo nthochi, amazolowera fungo lake ndi kulira kwa nsalu yake mphepo ikawomba. Akafika kunyanja amalowa m'nyumba imene akuidziwa kale. Zikhomo zazifupi zimene zimabwera ndi tenti sizigwira mumchenga, choncho ndimaonjezera zingwe zazitali zoti timangirire kumtengo kapena kumiyala, ndi timatumba topanda kanthu toti tidzazemo mchenga n'kumangirirapo.

Pansi pa tenti timayala lona, mkati timayala mkeka, kenako timatiresi topyapyala. Pa matiresi a ana ndimayala kaye pepala lalikulu la pulasitiki, nsalu pamwamba pake. Ngakhale mwana amene anasiya kale kukodza pogona amatha kuyambiranso akagona malo achilendo, ndipo matiresi onyowa usiku woyamba amaononga ulendo wonse. Bulangete aliyense lake, kuphatikiza juzi, masokosi ndi chipewa chaubweya. Abambo a kunyumba kuno poyamba ankati chipewa chaubweya kunyanja n'chopanda ntchito, koma pano ndi iwo amene amafunsa ngati chawo ndachiikamo.

Neti ndiye sindikambirana ndi munthu. Tenti ili ndi kaukonde kake, inde, koma ana amalowa n'kutuluka kosalekeza, ndipo nthawi iliyonse zipi ikatsegulidwa udzudzu umalowa nawo. Ndimatenga neti yonyikidwa m'mankhwala, yomwe timagonamo kunyumba, n'kuimangirira ku timalupu ta kudenga kwa tenti, m'mphepete mwake n'kupisa pansi pa matiresi. Nthawi ikamakwana 5 koloko madzulo ana amasamba n'kuvala zovala zamanja aatali ndi mabuluku ofika kumapazi. Mafuta othamangitsa udzudzu ndimawapaka m'miyendo ndi pakhosi, osati m'manja, poti manja a mwana amathera m'kamwa ndi m'maso. Khanda losakwana miyezi 2 silipakidwa mafuta amenewa, limangodalira neti ndi zovala. Koilo ya udzudzu imayaka panja basi.

Mbaula nayo imagona panja, kaya kuzizire bwanji. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka, ndipo m'malo otsekeka anthu amangogona osadzukanso. Ngakhale makala ooneka ngati azima sindiwalola kufika pakhomo pa tenti. Kandulo sinditenga n'komwe.

Tsopano kachikwama kamene ndimakadalira kuposa zonse. N'kakang'ono, ndipo kamapachikidwa mkati mwa tenti, pafupi ndi khomo, malo omwewo usiku uliwonse. Muli tochi yovala pamutu, matewera awiri kapena atatu, kansalu kopukutira, kabudula ndi malaya osinthira, botolo la madzi akumwa, Panado wa ana wamadzi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Pakona ya tenti pamakhala kachidebe kokhala ndi chivundikiro, koti ana achitiremo usiku. Anthu ena amachita nako manyazi, koma yesani kuyenda ndi mwana watulo kupita kuchimbudzi chimene chili kuseri kwa mitengo, mng'ono wake atatsala yekha m'tenti n'kudzidzimuka. Nsapato zonse zimagona mkati, ndipo m'mawa timazigwedeza tisanavale chifukwa cha zinkhanira. Mwana wamkulu ali ndi katochi kakekake. Amakayatsa popanda chifukwa mpaka mabatire kutha, choncho ena osinthira ndimabisa m'chikwama changa.

Bokosi la mankhwala limakhala m'galimoto, pamalo amene aliyense wamkulu akuwadziwa. Muli mapaketi a Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki a mwana wotsekula m'mimba, mankhwala otsukira bala, thonje, bandeji, mapulasitala, ndi kopanira kozulira minga ya nsomba kapena zitsotso. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndiye ndimatenga botolo la lita imodzi lenileni kuti ndisamachite zongoyerekeza. Aspirin sindipatsa ana. Mabuku awo a kuchipatala ndimawakulunga m'jumbo, chifukwa mulingo wa mankhwala umatengera kulemera kwa mwana, ndipo zonsezo zinalembedwa mmenemo. Ku Chembe kuli kiliniki, chipatala chokulirapo chili ku Monkey Bay. Tikangofika ndimafunsa ogwira ntchito pamalopo njira yopitira kukiliniki ndi nthawi imene amatsegula. LA, mankhwala a malungo, sinditenga. Mwana akatentha thupi, malo ake ndi kuchipatala kuti akamuyeze magazi.

Madzi akumwa timanyamula kuchokera kunyumba m'zigubu ziwiri za malita 20. Akatha timawiritsa kapena kuthira WaterGuard. Nyanja imaoneka yoyera mpaka kuona mchenga pansi, koma m'madzi momwemo anthu amachapa, amatsuka mbale, amasamba. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, Mangochi ili pomwepo. Sopo wosambira m'manja ndimamumangirira pachingwe pafupi ndi chigubu kuti asagwere mumchenga.

Pa nkhani ya likodzo anthu amagawikana. Ena amati kunyanja kulibe, ena amakaniza ana kukhudza madzi n'komwe. Likodzo lilipo ku Cape Maclear, n'zodziwika. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kungoyenda m'madzi osaya, makamaka kumene kuli bango ndi udzu komanso kufupi ndi kumene anthu ambiri amasamba. Vuto lake, madzi osayawo ndi amene ana amakonda. Ine sindinamiza mtima wanga kuti ndingawaletse. Ndimawatalikitsa ndi bango, akatuluka ndimawasambitsa ndi madzi a pampopi n'kuwapukuta, ndikudziwa kuti kupukutako si chitetezo chokwanira. Chachikulu chimachitika tikabwerera. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amagwira bwino nyongolotsi zikakula, choncho kumwa tsiku lotsatira n'kutaya nthawi. Pamadutsa masabata 6 mpaka 8, kenako timapita kuchipatala n'kufotokoza kuti ana anasamba m'nyanja. A zaumoyo ndi amene amaona zoyenera kuchita, makamaka kwa wamng'onoyo.

Za kukhitchini n'zimene mukuzidziwa kale: mbaula, makala, mapoto awiri, mthiko, chipande, mpeni, mbale ndi makapu apulasitiki, machesi m'kabotolo kotseka. Ufa, mpunga, mchere, mafuta, shuga, masamba a tiyi, chiponde, mkaka waufa ndi Likuni Phala. Phalalo limandipulumutsa m'mawa, poti ana amadzuka ndi mbalame, njala ili kale, msika usanayambe. Ndiwo timagula komweko. Kwa ana ndimasankha kampango chifukwa minga yake ndi yosavuta kuchotsa, chambo timadya akuluakulu. Zakudya zonse zimalowa m'ndowa yotseka mwamphamvu, ndipo ndowayo imagona m'galimoto. Anyani ndi apusi a kumeneko anazolowera alendo. Ndinaonapo nyani atatsika mumtengo, n'kuyenda modekha pakati pa anthu, kunyamula buledi yense wa tenti yoyandikana nafe n'kukakhala pamwala kumamatula pepala. Mwana asayende ndi chakudya m'manja anyani ali pafupi, ndipo asawaponyere kanthu. Nyenyeswa zotsala m'tenti zimaitana nyerere, ndiye m'tenti usiku simudyedwa chilichonse. Linthumbu likaoneka timawaza phulusa la m'mbaula mozungulira, monga ankachitira agogo.

Zitenje ndimatenga zambiri kuposa zovala zanga. Chimodzi choberekera, china chotchingira dzuwa pakati pa mitengo, china chopukutira, china choyala pamchenga, china chongokhala chouma podikira tsoka. Zovala za ana ndimazipinda m'majumbo, la tsiku lililonse palokha, kuti mchenga ndi chinyezi zisafalikire chikwama chonse.

Za masana sizichuluka. Zipewa zotchinga dzuwa, mafuta oteteza khungu kudzuwa, ndi masilipasi, chifukwa mchenga wa masana umawotcha mapazi a mwana. Chimene chimadya malo koma sindichisiya ndi majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana. Tikakwera boti kupita kuchilumba cha Thumbi kukaona mbuna, tinsomba tamitundumitundu ta m'miyala, ndi nkhwazi zikutsika kudzawakha nsomba imene oyendetsa boti aponya, majekete amene amapezeka m'boti kawirikawiri amakhala a akuluakulu, ndipo akhoza kumuvuka mwana m'madzi. Deralo lili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, choncho malo ngati Otter Point amalipiritsa polowa. Chiphaso cha unzika musachiiwale, Amalawi timalipira mtengo wotsika. Zidole sinditenga. Kapu, supuni ndi mchenga zimawakwanira mpaka dzuwa kupendeka.

Polongedza m'galimoto, tenti, lona ndi zingwe zimalowa pomalizira kuti zikhale zoyamba kutuluka. Pampando wakumbuyo ndimaika majumbo opanda kanthu, chitenje ndi zovala zosinthira, chifukwa ife ochokera ku Lilongwe timadutsa Dedza n'kutsika ku Golomoti pamsewu wa Khwekhwerere, ndipo makona ake amasanzitsa ana. Tisanatsike phirilo sindiwapatsa mkaka kapena zamafuta. Mafuta a galimoto timathira odzaza tisananyamuke, ndalama timatenga zapamanja, zing'onozing'ono, poti Mpamba ndi Airtel Money zimadalira netiweki ndipo mayi wogulitsa usipa sakhala ndi chenji. Timanyamuka m'mamawa kuti tikafike isanakwane 3 koloko. M'miyezi yozizira mdima umagwa 6 koloko isanakwane, ndipo kumanga tenti kumafuna anthu awiri pamene ana nawonso akufuna wowayang'ana, madzi ali pomwepo. Timagwirizana mokweza mawu kuti pa nthawi iyi ana ali m'manja mwa ndani. "Bambo ake, ali ndi inu," iwo n'kuyankha, ndipo pokhapo ndimatembenuka.

Tikabwerera, tenti imayanikidwa pachingwe mpaka iume bwinobwino, apo ayi imachita nkhungu. Pakalendala ndimalembapo zinthu ziwiri. Choyamba ndi masabata awiri otsatira: malungo saonekera tsiku limene udzudzu waluma, amatenga sabata kapena kuposerapo, choncho mwana akangotentha thupi m'masiku amenewo, ngakhale pambuyo pake, timathamangira kukayezetsa n'kunena kumene tinali. Chachiwiri ndi tsiku lokaonana ndi a zaumoyo za likodzo.