Pulani ya mashopu a ku Limbe ija ndamaliza, koma point cloud yandivutitsa

Dzulo usiku ndi pamene ndinatumiza pulani ija, mtima wakhala pansi tsopano. Nyumbayo ndi yakalekale, mapepala ake anasowa, eni ake akufuna kuikonzanso ndiye anaitana munthu wa laser scanner, makina oyeza nyumba ndi kuwala kwa laser. Ine yanga inali kujambula makoma, zitseko ndi mawindo mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, kuchokera pa timadontho timene makina aja anatola, tomwe amati point cloud.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi flash. Ndinakwera minibasi kuchoka ku Ndirande mpaka ku Limbe kukatenga fayilo ya E57 momwe muli timadonthoto, achimwene a sikana aja akuti akope, kompyuta ikungokana kuti fayilo yakula, chonsecho flash yanga ndi ya 32GB mulibe kanthu. Iwo amvekere "achimwene flash yanuyi ndi yakufa, mubwere ndi ina mawa". Ndinabwerera chimanjamanja, tsiku lonse lapita, ya transipoti yapita, kasitomala akuimba foni. Usiku ndi pamene ndinaona kuti flash inali pa fomati ya FAT32, ndipo FAT32 silola fayilo imodzi yopitirira 4GB. Kungoifomata kukhala exFAT basi, ntchito ya mphindi imodzi. Munthu woti amagwira mafayilo akuluakulu tsiku ndi tsiku osadziwa zimenezi? Mpaka pano zikundiwawa.

Mukaitenga fayiloyo, dziwani kuti AutoCAD siitsegula E57 mwachindunji, imayamba yadutsa mu pulogalamu ya ReCap kuti ikhale fayilo ya RCP, yomwe AutoCAD imatsegula. Kwa ine zinatenga maola, magetsi anathima zili pakati, batire la laputopu linatha ndipo ndinayambiranso. Yambitsani laputopu ili yodzaza.

Musanajambule mzere ngakhale umodzi yezani chitseko chimodzi pa cloud, mufananize ndi chomwe munayeza ndi tepi pamalopo. Ine ndimajambula mu mamilimita, sikani inali mu mamita, mayunitsi a drawing yanga sanali osetedwa, chitseko cha 900 chikuonetsa 0.9. Ndiiwale bwanji, fayiloyo inabweranso ndi ma coordinate a UTM 36S (manambala osonyeza malo pa mapu), opitirira 8 miliyoni, nditapanga zoom extents (yoonetsa zonse pa sikirini) nyumba sinkaoneka n'komwe. Muwapemphe a sikanawo akupatseni ina ya manambala oyandikira 0,0, kapena muisunthe nokha koma mulembe penapake kuti mwaisuntha ndi zingati.

Kujambula kwenikweniko nkosavuta mukadula cloud. Ndinadula kagawo kopyapyala pa 1.2 mita kuchokera pansi, pamenepo ndi pomwe makoma, zitseko ndi mawindo zimaonekera limodzi, denga ndi katundu wapansi zachoka. Kenako ndinatembenuza UCS (mbali yomwe X ndi Y zaloza) kuti itsate khoma lalitali lakumsewu. Musakakamize makona onse kukhala 90, nyumba zakale sizili choncho, khoma lakumbuyo linali lopendama ndipo mukaliwongola pa pulani kalipentala adzakulirirani poika denga. Timadontho ta khoma timakhala ngati kamzere kokhuthala, ine ndimadutsitsa mzere pakati pake, osangodumphira kadontho kalikonse komwe snap (yokokera mausi pa kadontho) yagwira.

Mu shopu imodzi muli saluni. Cloud imaonetsa chipinda china kuseri kwa khoma, mipando ndi mashelefu zonse zilimo, ndinayamba ndithu kuchijambula. Nditapitakonso ndinapeza ndi galasi lalikulu lapakhoma, laser inagunda pagalasi nkujambula saluni yomweyo kawiri. Mawindo a galasi nawo amasiya timadontho tabodza panja, dulani zonsezo. Ulendo umenewo ndinayezanso ndi tepi zitseko zitatu ndi kukhuthala kwa khoma pa windo, poti kuseri kwa mafiriji a golosale sikana sinaone kalikonse. Tepi musaisiye, ndanena kale koma ndikubwerezanso.

Ndipo flash ija, ifomateni musananyamuke kunyumba.