Tinkafuna nyumba yoyenda ya ku America, koma geti lathu linakana

Chaka chilichonse ine ndi amake ana timapita ku Mtenguleni ku Nc'wala, Loweruka lomaliza la February, ndipo mu August timakakhala nawo pa Kulamba ku Mkaika, poti iwo ndi Achewa a ku Katete pamene ine ndine Mngoni. Chaka china mvula inatipeza ku Mtenguleni, ndipo amake ana, amene bondo limawavuta, anaima pa mzere wa chimbudzi pafupifupi ola lathunthu. Pobwerera m'galimoto munali zii. Titayandikira m'tauni anangoti, "Bambo, ndalama za soya zija mukusungira ndani?"

Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Texas, atamva nkhaniyi anayamba kutitumizira pa WhatsApp mavidiyo a ma motorhome, galimoto zimene m'kati mwake ndi nyumba yokhala ndi chimbudzi chake chomwe. Ndi mmene ndinadziwira kuti anthu a ku America amagawa ma motorhome patatu. Class B ndi minibasi yosinthidwa m'kati. Class C ili ndi mutu wa lole, ndi kachipinda kogona pamwamba pa dalaivala. Class A ndiye chimphona, chooneka ngati basi ya ku Lusaka, ndipo zapamwamba zake amati diesel pusher chifukwa injini ili kumbuyo ikukankha, kutsogolo mumacheza osamva phokoso. Mayina ndinawaloweza ngati mwana wa sukulu: Winnebago ya ku Iowa, Newmar ya ku Indiana, Tiffin imene yakhala ikumangidwa ku Red Bay, Alabama, kuyambira 1972. Ukadina batani makoma amatuluka kunja, chipinda chochezera n'kukula. Muli bafa lenileni, makina ochapira, bedi loti ungazungulire. Ndinagwa nayo m'chikondi ya mafiti 45, ndipo kwa miyezi iwiri palibe amene akanandiuza kanthu.

Amene anandidzutsa ndi mlamu wanga, yemwe wayendetsa mathiraki zaka zambiri pakati pa Chipata ndi Beira kudzera pa Chanida. Sanatsutse. Anangobwera ndi tepi ndi chingwe, n'kunena kuti, "Alamu, tiyeni tiiimike kaye pabwalo pano." Mafiti 45 ndi mamita 13.7. Chingwe chinachoka pa geti, kudutsa pa khonde, mpaka kukalowa m'khola la nkhuku. M'lifupi ndi mamita 2.6, msinkhu wake pafupifupi mamita 4, kutanthauza kuti waya wa ZESCO wolowa m'nyumba ndi mtengo wa mango wa malemu amayi zonse zinali m'njira. Kamsewu kathu ku Kalongwezi n'kopapatiza, ngalande uku ndi uku, pokhotera panalibe. Kenako anandionetsa chimene sindinaganizeko: kumbuyo kwa matayala omaliza kumatsala thupi lalitali likulendewera, ndipo galimoto yotero ndi yofupika pansi. Mahampu a pa Katete, pa Sinda, pa Nyimba, kapena potsikira kuchoka pa tara kulowa msewu wafumbi, matako amakhula pansi, ndipo kumeneko n'kumene kuli injini.

Ndinalimbikirabe. Ndinati geti tigumula, mango tidula. Apo m'pamene anandifunsa za chiwongolero.

Galimoto za ku America chiwongolero chili kumanzere, ife timayenda kumanzere kwa msewu. Aliyense wodziwa Great East Road akudziwa mapiri a Manenekera ndi mitsetse yotsikira ku mlatho wa Luangwa, kumene umatsata thiraki yokwawa kwa theka la ola ukudikira mpata. Ukakhala kumanzere suona kutsogolo kwa thirakiyo pokhapokha galimoto yonse itatulukira m'njira ya obwera. Amake ana akanasanduka maso anga ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 570 wopita ku Lusaka, ndiponso wolipira pa toll gate iliyonse. Koma chimene chinandiziziritsa thupi ndi chitseko. Chitseko cha nyumbayo chili kumanja, kumene ku America ndi mbali ya m'mphepete. Kuno ukaima kuti ugule nthochi, mdzukulu akatsegula, watsikira pakati pa msewu.

Magetsi nawo ndi nkhani ina. Zonse za m'kati mwake, eyakoni, maikulowevu, tchaja ya mabatire, zinapangidwira 120V ndi 60Hz. Athu ndi 230V ndi 50Hz. Thiransifoma imatsitsa mphamvu koma sisintha ma Hz, ndiye zinthu za mota zimagwira monyinyirika. Za ku Japan, monga Toyota Camroad, chiwongolero chili bwino koma m'kati ndi 100V, ndiponso n'zazing'ono kwa munthu wa thupi langa. Gasi wa Class A zambiri amakhala m'thanki lomangiriridwa ku galimoto, pamene ife tinazolowera kunyamula silinda kukasinthitsa.

Ndinapita kwa makanika wathu, mnyamata amene wakhala akusamala Hilux yanga. Anaonera vidiyo yonse mwaulemu, n'kubweza foni. "Malume, ndi yokongola. Koma ikakafera pa Kacholola usiku, mudzaitana ndani?" Anandifotokozera kuti injini ya Cummins payokha si vuto, akuidziwa pa mathiraki, ndipo matayala a 22.5 amapezeka. Vuto ndi zozungulira. Injini za dizilo zambiri za ku America kuyambira 2010, ngati za ku Ulaya zotsatira lamulo la utsi la Euro 6, zimafuna madzi apadera oyeretsa utsi otchedwa AdBlue, ndipo akatha kapena sensa ikasokonekera, kompyuta imachepetsa mphamvu mpaka galimoto kumangokwawa. Makoma otuluka aja ali ndi mamota ndi malabala amene fumbi lathu la September limadya, ndipo khoma likakana kubwerera suyenda. Galasi lakutsogolo ndi limodzi lalikulu ngati chitseko cha sitolo. Mwala umodzi pa msewu wa Lundazi, udikire sitima ya pamadzi. Iye mtima wake unali pa Coaster kapena Rosa, kuti tigule tiimangire tokha m'kati. Amake ana anakana kwamtuwagalu: sanapume ntchito kuti azikagona m'minibasi.

Choncho tinakumana pakati. Tinalemba pa pepala zinthu zosakambirana: chiwongolero kumanja, chitseko kumanzere, magetsi a 230V, yosapitirira mamita 8, yokoka ndi matayala akumbuyo ndipo akhale awiriawiri. Zambiri za ku Ulaya zimamangidwa pa Fiat Ducato imene imakoka ndi akutsogolo, zabwino pa tara, koma katundu wolemera ali kumbuyo, pamatope a pa Nc'wala ndinkafuna mphamvu ikhale kumene kuli kulemera. Pepala limenelo linatitsogolera ku South Africa, kumene amamanga pa Iveco Daily ndi Mercedes Sprinter, poganizira misewu yofanana ndi yathu.

Laisensi ndinaiganizira mochedwa. Yanga inali ya B, imene imathera pa makilogalamu 3,500. Kuyambira pamenepo mpaka 16,000 pamafunika C1, ndipo chimphona ndinkachifuna chija chikanafuna C. Ndinabwerera ku sukulu yoyendetsa ndili ndi imvi, kumazungulira ndi Canter pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa adzukulu anga, amene ankandipatsa mpando wakutsogolo n'kumati "ambuya ayambe". Ndinakayezetsa maso, ndinalemba mayeso ku RTSA, ndinakhoza pa ulendo wachiwiri. Koyamba ndinagunda chitsulo pobwerera m'mbuyo.

Pa kulemera pali msampha umene ogulitsa sautchula. Pa kachitsulo ka pa chitseko pamalembedwa kulemera kwakukulu kololedwa. Muchotsepo kulemera kwa galimotoyo ili yopanda kanthu, chotsalacho ndicho mungalongedze. Zambiri zokongola amazifinyira pansi pa 3,500 kuti wa laisensi ya B agule, ndiye mpata wotsala umakhala wochepa zedi. Ine ndinawerengera chonchi: madzi malita 150 ndi makilogalamu 150, anthu anayi achikulire, masilinda awiri a gasi, tayala lapadera, jeke, thumba la ufa la makilogalamu 25, mbaula ndi makala ake poti amake ana sakhulupirira nsima ya pa gasi, mipando, mabatire owonjezera. Zinapitirira makilogalamu 700 tisanaikemo ndi zovala zomwe. Galimoto yodzadza mopitirira imatenthetsa mabuleki potsika phiri ndipo imaphulitsa matayala. Kuyambira tsiku limenelo wogulitsa aliyense ndinkamuuza kuti tipite pa sikelo, ndione ndi maso anga.

Ndalama imene ndinawononga bwino koposa ndi yobwereka. Tisanagule tinakwera ndege kupita ku Johannesburg, tinabwereka motorhome kwa sabata imodzi, kulowera ku Mpumalanga. Usiku woyamba womwe tinadziwa kuti bedi la pamwamba pa dalaivala, lokwera ndi makwerero, si la bondo la amake ana. Wachiwiri tinagona pa bedi losandutsa tebulo, ndipo pofika wachinayi tinali titakangana kawiri za amene ayale. Tinalemba: bedi lokhazikika kumbuyo, lotsikira mbali zonse, kuti wodzuka usiku asakwere mnzake. Uvuni sitinauyatse n'kamodzi komwe. TV tinaiyatsa kamodzi. Chimene tinkagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndi chinsalu cha mthunzi cha pambali, ndi mpopi wa panja wotsukira mapoto.

Chimbudzi, chimene chinayambitsa nkhani yonse, chili mitundu iwiri. Zazikulu za ku America zili ndi thanki lokhazikika pansi, limene umakhuthula ndi paipi pa malo omangidwira zimenezo. Malo otero ine sindinawaonepo pakati pa Chipata ndi Lusaka. Mtundu wina ndi wa kabokosi kosolola panja, amati cassette, kamene umanyamula n'kukakhuthula m'chimbudzi chilichonse, ngakhale chokumba. Si ntchito yaulemu, koma imatheka kulikonse. Furiji nayo tinasankha ya kompuresa yoyendera batire. Ija ya gasi imafuna galimoto iime mowongoka, ndipo kukatentha kwambiri imalefuka, pamene ku Mfuwe mu October kutentha kumapitirira madigiri 40. Padenga tinafuna sola yokwanira ndi mabatire a lithium. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, tonse tinaphunzira kusadalira soketi ya pakhoma.

Ku South Africa tinaona galimoto zinayi zogulitsa. Yachiwiri ndi imene inandikopa, mipando yachikopa, matabwa owala. Mlamu wanga, amene ndinamulipirira ulendo kuti adzatithandize, sanayang'ane chikopa. Analowa, n'kutseka chitseko, n'kununkhiza. Kenako anatsegula makabati apamwamba n'kumadina m'makona ndi chala. Pamwamba pa zenera la kumbuyo khoma linali lofewa ngati buledi. Mdani wamkulu wa motorhome ndi madzi olowa pa msoko wa denga, amene amaoletsa matabwa m'kati mwa khoma kwa zaka kunja kukuwala. Wogulitsa anati n'zazing'ono. Tinathokoza n'kutuluka.

Pa yachinayi tinatha tsiku lonse. Tinathira madzi padenga ndi paipi kwa mphindi makumi awiri wina ali m'kati ndi tochi. Tinayeza makoma ndi kamakina koyezera chinyezi. Tinayatsa chilichonse, pa magetsi a pakhoma kenako pa batire pokha. Matayala ankaoneka atsopano, koma pambali pa tayala pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo awa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Motorhome imakhala nthawi yaitali itangoima, matayala amakalamba asanathe. Mtengo wa matayala asanu ndi limodzi tinauchotsa pa mtengo wa galimoto. Tinafananitsa nambala ya chasisi ndi ya injini ndi za pa mapepala, tinaona buku la sevisi, tinapita pa sikelo. Inali Iveco Daily ya mamita 7 ndi theka, yololedwa matani 5. Ndalama ndinatumiza kudzera ku banki zonsezi zitatha, osati kale.

Za mapepala ndidutsa mwachangu, koma chimodzi musachiphonye: musanalipire galimoto, pezani ejenti wovomerezeka ndi ZRA, mumupatse chaka, kukula kwa injini, kulemera ndi mtengo, akulembereni msonkho wonse pa pepala. Ine nditauona ndinakhala kaye pansi, ndipo maganizo ogula ngolo yokokera kumbuyo anathera pomwepo. Ku South Africa tinatenga chikalata cha apolisi cha SARPCCO chosonyeza kuti si yakuba, ndi chikalata choyeza galimoto isanalowe m'dziko chimene a ZCSA, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, amafuna. Tinadutsa mu Botswana, kuwolokera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, kugona ku Livingstone. Ku Lusaka kunali Interpol, RTSA, white book, fitinesi, road tax ndi inshuwalansi. Pa inshuwalansi onetsetsani kuti alemba kuti ndi motorhome ndi zonse za m'kati, asangolemba lole.

Pa Manenekera ndinatsika ndi giya yotsika monga anandiphunzitsira mlamu, manja ali thukuta lokhalokha. Titafika kunyumba tinapeza kuti ngakhale iyi sikhota bwino pa geti. Chipilala chimodzi tinagumulabe. Mango anapulumuka, tinangosadza nthambi ziwiri.

Ulendo woyamba weniweni unali wa ku Mkaika. Tinafika Lachisanu madzulo, tinaimika pansi pa mtengo kwa achibale a amake ana, tinatambasula chinsalu cha mthunzi. Ana a m'mudzi anazungulira n'kumasuzumira m'mazenera, gule akumveka chapatali. M'mawa kusanache kunamveka kugogoda. Anali azakhali awo a amake ana, atafunda chitenje kumutu. "Apongozi, pepani, akuti muli ndi chimbudzi cha m'kati?" Kumbuyo kwawo kunali amayi ena atatu. Amake ana anawalowetsa mmodzimmodzi, monyadira, akuwaonetsa podina. Tsiku limenelo kabokosi kaja ndinakanyamula katatu, ndipo pamene Kalonga Gawa Undi ankalowa m'bwalo ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndi ndowa ya madzi.