Zikomo a wodi ya amuna, bambo athu atuluka

Ife apabanja tikuthokoza madokotala, anamwino ndi okonza mu wodi ya amuna amene asamalira bambo athu kuyambira usiku umene mkodzo unatsekeka mpaka dzulo pamene awachotsa kachubu kotulutsira mkodzo.

Vuto linali prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, kozungulira njira ya mkodzo. Mwamuna akamakalamba kamakula n'kuyamba kufinya njirayo. Zimayamba pang'onopang'ono: kudzuka katatu kanayi usiku, mkodzo kutuluka modontha, kumva ngati wina watsalira. Tsiku lina umangotsekeratu, pachinena n'kuuma gwa. Ukakhalitsa choncho umawononga impso, ndiye si nkhani yodikira kuti kuche.

Anamwino, inu ndiye tikuthokozeni mwapadera. Simunangoika kachubu n'kuchoka, munakhala pansi kuphunzitsa magadiyani. Kachubuko kamagwidwa ndi kabaluni ka madzi okwana 10 ml mkati mwa chikhodzodzo, choncho wodwala akakakoka amang'amba njira ya mkodzo. Thumba lolandirira mkodzo likhale m'munsi mwa chiuno nthawi zonse koma lisagunde pansi. Likakwera m'mwamba, mkodzo umabwerera pamodzi ndi tizilombo. Likhuthulidwe lisanadzaze, wokhuthulayo atasamba m'manja. Polowera kachubu patsukidwe ndi sopo tsiku lililonse, ndipo wodwala azimwa madzi pafupifupi malita 2, pokhapokha adokotala ataletsa. Thumba likakhala louma kwa maola angapo, onani kaye ngati kachubu kapindika. Ngati sikanapindike, kapena thupi latentha ndipo wodwala akunjenjemera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo.

Ikatha opaleshoni ya prostate ngati imene bambo anachitidwa, chimene chimatseka kachubu ndi magazi oundana. N'chifukwa chake mabotolo a dripi amayenda usana ndi usiku kutsuka chikhodzodzo kudzera m'kachubu. Namwino wa usiku ankabwera ndi tochi, n'kunyamula kachubu kuona ngati kufiira kuja kukuchepa, botolo likatha n'kupachika lina wodwala ali m'tulo. Ntchito imeneyi alendo a masana saiona, koma ife tinaiona. Mulungu akudalitseni, amayi.

Zikomonso abale amene munapereka magazi, ndi amayi a kumpingo amene simunaphonye kubweretsa phala m'mawa.

Kwa obwera kudzawazonda kunyumba: kwa milungu 6 bambo sakwera njinga, sagwira khasu, sanyamula zolemera. Bweretsani papaya ndi masamba, chifukwa akadzimbidwa n'kumadzikakamiza kuchimbudzi, bala la mkati limayambanso kutuluka magazi.